Za Magetsi Obadwa ku Moto, ndi Muyeso Woyenera wa Luso Limeneli

Pa mphamvu zonse zimene ana a anthu amafukula pansi pa nthaka, kutema m'nkhalango ndi kutentha m'ng'anjo, m'mainjini ndi pa mafuwa, gawo lalikulu silifika pa ntchito imene analisonkhera, koma limathawa m'machumuni a mafakitale, m'mipope ya utsi ya galimoto ndi m'mbali mwa miphika, n'kumwazikira mumlengalenga wopanda wolitola. Ndipo akatswiri a ku Lawrence Livermore National Laboratory, amene chaka ndi chaka amawerengetsa m'mene dziko la America limadyera mphamvu zake, amapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu alionse amatayika chotero. Munthu aliyense wa mtima wosamala, akamva za chitayiko chachikulu chotere, sangaleke kufunsa ngati palibe njira yotolera ngakhale nyenyeswa zake. Njirayo ilipo, ndipo ndi yakale kuposa galimoto ndi babu lamagetsi lomwe. Pali zinthu zina, zimene akatswiri amazitcha thermoelectric, zomwe mbali imodzi ikatentha ina ili yozizira zimatulutsa magetsi pazokha, popanda gudumu lozungulira, popanda nthunzi, popanda phokoso. Chovuta chake n'chakuti magetsiwo ndi ochepa. Ndipo ntchito yowachulukitsa, imene yadya nzeru ndi chuma cha mayiko ambiri kwa zaka 70, ndiyo ndifuna tiilingalire pamodzi, pakuti ndikhulupirira kuti ofufuza ambiri akhala akuiyeza ndi muyeso woperewera.

Chiyambi chake chinali mu 1821, pamene Thomas Johann Seebeck, ali ku Berlin, analumikiza zitsulo ziwiri zosiyana kukhala mkombero, natenthetsa mfundo imodzi, naona singano ya kampasi imene inali pafupi ikupotoka. Iye anayesa kuti waona mphamvu ya maginito yobadwa ku kutentha, ndipo anali Hans Christian Ørsted wa ku Denmark amene anazindikira kuti m'mawayamo mukuyenda magetsi. Mu 1834 Jean Peltier wa ku France, amene poyamba anali mmisiri wa mawotchi, anapeza kuti njirayo imayendanso chobwerera: ukapititsa magetsi pa mfundo yotere, mbali ina imazizira ina n'kutentha. Chotero kachipangizo kamodzimodzi kakhoza kukhala kopanga magetsi kapena koziziritsa, monga mwa kufuna kwa mwini wake.

Ukoma wa luso limeneli suchita kufuna mboni zambiri. Zombo ziwiri za Voyager, zimene bungwe la NASA linaponya mumlengalenga mu 1977, zapita kutali kumene kuwala kwa dzuwa sikungapatse mphamvu ya ntchito iliyonse, komabe zapitiriza kutumiza mauthenga kuno kwa zaka zoposa 45, chifukwa m'mimba mwake muli plutonium yotentha yokha, yozingidwa ndi timiyendo ta silicon ndi germanium tosandutsa kutenthako kukhala magetsi. Chombo chilichonse chinanyamuka ndi ma watt pafupifupi 470, ndipo mphamvuyo imachepa ndi ma watt ngati 4 pa chaka. Palibe mmisiri anapitako ndi sipanala, pakuti mulibe kanthu koyenda koti n'kuperepeseka. Kuno pansi, timabwalo ta Peltier timagwira ntchito mwakachetechete m'makina a PCR a m'zipatala, amene poyeza magazi kapena mamina amayenera kutenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza pa mlingo wosaphonya, ndiponso m'zipangizo za laser zimene zimayendetsa mauthenga a intaneti m'zingwe za galasi. Koma taonani mbali inayo: galimoto ya Curiosity, imene inatera pa Mars mu 2012, inali ndi gwero la kutentha la ma watt pafupifupi 2,000, ndipo magetsi amene inkakolola pamenepo anali ma watt ngati 110 okha. Pa magawo 100 alionse a kutentha, asanu kapena asanu ndi limodzi ndiwo amasanduka magetsi, pamene sola yabwino ya padenga imatola magawo ngati 20 a kuwala, ndipo malo aakulu opangira magetsi ndi nthunzi amafika pa 35 kapena 40. Ku Mars zimenezi n'zokwanira. Pa msika wa pansi pano n'zoperewera ndithu.

Chifukwa cha kuperewera kumeneku n'chozama, ndipo ndipempha owerenga adekhe nane pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu choyenera ntchito imeneyi chiyenera kukhala ndi makhalidwe atatu pamodzi. Chiyenera kutulutsa mphamvu yokankha magetsi yochuluka pa digiri iliyonse ya kusiyana kwa kutentha. Chiyenera kulola magetsiwo kuyenda mosavuta, kuti asathere m'njira. Ndipo chiyenera kukaniza kutentha kuti kusawoloke msanga kupita ku mbali yozizira, popeza mbali ziwirizo zikafanana ntchito yonse yaima. Tsono chilengedwe chinamanga makhalidwe amenewa pa chingwe chimodzi, kotero kuti wokoka limodzi amagwetsa linzake. Mkuwa umayendetsa magetsi bwino koposa, koma umayendetsanso kutentha ndi changu chomwecho, monga anaonetsera Gustav Wiedemann ndi Rudolf Franz mu 1853, chifukwa ma elekitironi omwe anyamula magetsi ndi omwenso anyamula kutentha. Galasi limakaniza kutentha, koma limakanizanso magetsi. Pakati pa ziwirizi pali zinthu zotchedwa semiconductor, zimene mmisiri akhoza kuzithira tizitsulo tina pang'ono kuti achulukitse kapena kuchepetsa ma elekitironi ake monga afunira. Ndipo anali Abram Ioffe wa ku Leningrad amene, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anaphunzitsa dziko kuti chiyembekezo chili pamenepo, nasonkhanitsa makhalidwe atatu aja m'nambala imodzi imene lero imalembedwa ZT. Nambalayo ikakwera, ndiye kuti chinthucho chikukolola magetsi ambiri pa moto womwewo. M'dziko lake munapangidwa nyale za palafini zovekedwa chipewa cha thermoelectric, zimene zinkaliza wailesi m'midzi yakutali yopanda mawaya.

Mu 1954 H. Julian Goldsmid ndi mnzake R. W. Douglas, ku England, anaonetsa kukoma kwa bismuth telluride, ndipo posapita zaka zambiri zosakaniza zake zinafika pa ZT ya pafupifupi 1. Pamenepo ulendo unaima kwa zaka ngati 40, kufikira ena anayamba kuganiza kuti 1 ndiye malire amene Mlengi anaika.

Chimene chinatsegulanso njira ndi kuzindikira kuti m'chinthu cholimba kutentha kuli ndi amtengatenga awiri. Ena ndi ma elekitironi aja, amene sitingawaletse popanda kupha magetsi. Koma ena ndi kunjenjemera kwa ma atomu eniake, kumene kumayenda ngati mafunde kuchokera ku atomu ina kupita ku inzake, ndipo akatswiri amakutcha ma phonon. Amenewa sanyamula magetsi konse, choncho kuwatchinga ndi phindu lokhalokha. Ntchito ya mmisiri tsono ikufanana ndi ya mayi wosefa ufa, amene afuna sefa ya maso oti ufa udutse koma misere itsalire. Glen Slack wa ku America ananena chofunikacho momveka m'zaka za m'ma 1990: chinthu chimene kwa ma elekitironi chili chosalala ngati krustalo, koma kwa ma phonon chili chosokonekera ngati galasi. Mu 1993 Mildred Dresselhaus wa ku MIT, pamodzi ndi wophunzira wake Lyndon Hicks, anawerengetsa kuti chinthu chikapangidwa m'timizere topyapyala kwambiri, ta ma nanomita owerengeka, makhalidwe atatu aja amayamba kumasukirana. Ena anatembenukira ku skutterudite, chosakaniza cha cobalt ndi antimony chimene m'kati mwake muli timphako, momwe amaikamo ma atomu olemera kuti azigwedezeka momasuka n'kumasokoneza mafunde a kutentha. Mu 2008 ofufuza a ku Boston College ndi MIT anapera bismuth antimony telluride kukhala fumbi losalala koposa, nalipanikizanso pa moto kukhala cholimba, ndipo malire osawerengeka a timibulu take anakweza ZT kufika pa 1.4. Mu 2012 gulu la Mercouri Kanatzidis ku Northwestern University linafika pa 2.2 ndi lead telluride yokonzedwa kuti itchinge mafunde aafupi, apakati ndi aatali omwe. Mu 2014 gulu lomwelo linalengeza 2.6 pa krustalo ya tin selenide, pa kutentha kwa madigiri ngati 650; ndipo mu 2021, mogwirizana ndi anzawo a ku Seoul National University, linalengeza 3.1, litazindikira kuti kachikutu kopyapyala ka dzimbiri la tin, kamene kamakuta timibulu ta tin selenide yoperedwa, ndiko kankabera kutentha njira, ndipo linakachotsa.

Ntchito imeneyi ndiilemekeza ndi mtima wonse, ndipo wonena kuti ndi masewera a anthu ophunzira sanaimvetse. Komabe pali funso limene ulemu suyenera kulitsekereza. Ngati ZT yakwera kuchoka pa 1 kufika pa 3, bwanji munthu wofuna kugula kachipangizo kotere lero, kaya ku Shenzhen kaya ku Johannesburg, amapatsidwabe bismuth telluride, chinthu cha m'masiku a Goldsmid? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za nkhaniyi n'zodziwika bwino kwa onse ogwira ntchitoyi. Nambala imene imalengezedwa ndi ya pa nsonga, pa kutentha kumodzi kokha, kawirikawiri kwa madigiri 500 kapena 600. Koma mwendo wa chipangizo umakhala ndi mutu pa moto ndi phazi pozizira, ndipo chimene chimabala magetsi ndi ubwino wa mwendo wonse kuyambira kumutu kufikira kuphazi, umene nthawi zambiri umachepa kwambiri poyerekeza ndi wa pa nsonga paja. Chipangizo chimafunanso miyendo ya mitundu iwiri, wina wotchedwa n ndi wina wotchedwa p, yoyenda mogwirizana, ndipo si kawirikawiri kuti chinthu chopambana pa mtundu umodzi chikhale ndi mnzake wolingana nacho. Krustalo ya tin selenide ndi yofewa ndipo imang'ambika msanga m'mizere yake. Pamene mwendo ukumana ndi chitsulo cholumikizira, moto wa tsiku ndi tsiku umafutukula ndi kufinya ziwirizo mosiyana kufikira mfundoyo itasweka, kapena ma atomu a chitsulocho amalowerera m'mwendomo n'kuuwononga. Ngakhale kuyeza kwenikweniko kuli ndi msampha, popeza ZT imachokera ku miyeso ingapo yosiyana, uliwonse ndi kuphonya kwake, kotero kuti ma labotale awiri oona mtima akhoza kusiyana ndi magawo 15 kapena 20 pa 100 pa chinthu chimodzimodzi. Ndipo ZT ya 2.4 imene inalengezedwa mu 2001 pa timizere topyapyala ta bismuth telluride, ngakhale inautsa chiyembekezo padziko lonse, ma labotale ena anavutika kuipezanso.

Makampani a galimoto, monga BMW, Ford ndi General Motors, anayesa kwa zaka zingapo kuika zipangizozi pa mipope ya utsi, kumene gawo ngati limodzi mwa atatu la mphamvu ya mafuta limatulukira. Zinagwira ntchito ndithu, koma mafuta opulumuka sanalipire kulemera ndi mtengo wa chipangizocho, ndipo sizinalowe m'galimoto zogulitsidwa kwa anthu ambiri. Cronin Vining, katswiri amene anathera moyo wake pa luso lomweli, analemba mu 2009 kuchenjeza anzake kuti asalonjeze dziko kuti thermoelectric idzalowa m'malo mwa makina aakulu a nthunzi. Ine ndiona kuti ananena zoona, ndipo choonadi chotere chimamasula ofufuza kuti afune malo amene luso lawo lipambanadi, ndiwo malo a moto waung'ono, akutali, osowa mmisiri, kumene makina ozungulira sangakhalitse.

Palinso nkhani ya kumene zinthuzi zimachokera, imene m'maso mwanga ndi yolemera kuposa zonse. Tellurium ndi yosowa m'nthaka pafupifupi ngati platinum. Ilibe migodi yakeyake yochuluka, koma imatoledwa makamaka m'matope otsalira poyenga mkuwa, ndipo dziko lonse limapeza matani mazana owerengeka okha pa chaka, amene opanga sola za cadmium telluride amalimbiranso. Dziko la China ndilo limayenga yochuluka, ndipo mu February 2025 linaika malamulo oletsa kutumiza kunja tellurium ndi bismuth popanda chilolezo. Mtovu, umene uli m'lead telluride, ndi poizoni amene palibe kholo lingamufune pafupi ndi mphika wa ana. Nanga tipindulanji ndi chinthu cha nambala yapamwamba chimene sichingapangidwe chochuluka, kapena chimene mtengo wake uli m'manja mwa boma limodzi? N'chifukwa chake mtima wanga umakondwera koposa ndi ntchito zina zimene sizinamveke kwambiri m'manyuzipepala. Ofufuza a ku Michigan State University, motsogozedwa ndi Donald Morelli, anaonetsa kuti tetrahedrite, mwala wa mkuwa, antimony ndi sulufule umene umakumbidwa m'mayiko ambiri, ukhoza kuyandikira ZT ya 1 utangoperedwa ndi kusakanizidwa pang'ono. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Panasonic ku Japan anapeza 1.5 pa chosakaniza cha magnesium ndi antimony. Ndipo mu 2021 gulu la ku Dresden, m'dziko la Germany, linamanga chipangizo chathunthu cha zosakaniza za magnesium chimene chinasandutsa magawo ngati 7 pa 100 a kutentha kukhala magetsi, kulingana ndi bismuth telluride yomwe. Nambala zimenezi n'zodzichepetsa, koma ndi za zinthu zimene dziko lili nazo zambiri, ndipo yomalizayo ndi ya chipangizo chogwirika ndi manja. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Nkhaniyi inafikapo kale pa khomo pathu. Cha m'ma 2013 akatswiri a ku Trinity College Dublin, m'dziko la Ireland, mogwirizana ndi bungwe la Concern Universal, anamangirira kachipangizo ka thermoelectric pa Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi ija imene amayi amaumba m'maboma ambiri a dziko lino, nakaiyesa m'mabanja a m'boma la Balaka, kuti moto wophikira nsima udzazenso batire lotchajira foni, kuyatsa nyale ndi kuliza wailesi. Ma watt ake anali owerengeka, koma kwa banja limene limayenda mtunda ndi kulipira kuti litchaje foni, ma watt owerengeka ndi chuma. Chimene ndifuna owerenga achione m'ntchito imeneyi n'chakuti mbali yaikulu ya khama la akatswiriwo inapita pa zinthu zimene ZT siziyeza: m'mene angatolere kutentha kwa moto umene uyaka mosinthasintha osapsereza kachipangizoko, m'mene angatetezere batire, ndipo koposa zonse m'mene angaziziritsire mbali inayo, poyamba ndi kachokupizira mphepo kamene kamadya gawo la magetsi omwewo, ndipo pambuyo pake ndi madzi. M'khitchini ya utsi ndi phulusa, mwezi wa October, mbali yozizira ndiyo imagamula mlandu.

Wina adzati, ndipo adzanena mwanzeru, kuti sola yatsika mtengo kotero kuti palibe chifukwa chovutikira ndi zimenezi, ndiponso kuti dziko limene mapiri ake ameteka chifukwa cha nkhuni ndi makala lisapatse anthu chifukwa china chosonkhera moto. Ndivomereza kuti pa nyumba zambiri sola ndiyo yoyamba, ndipo munthu wosonkha moto kuti angotchaja foni walakwira nkhalango ndi ana ake omwe. Koma moto wina umayaka kale, tifune tisafune: wa m'mabalani ochizira fodya umene suzima usana ndi usiku kwa masiku angapo, wa m'mauvuni a buledi, wa pansi pa miphika ikuluikulu ya phala la ana a sukulu, wa m'maboila a mafakitale a tiyi ndi shuga. Umayaka usiku dzuwa litalowa, umayakanso m'masiku a mvula ya mvumbi ndi a chiperoni pamene sola ifooka. Kutola pang'ono pa kutentha kumene kukutayika kale sikudula mtengo wina uliwonse, ndipo ngati magetsiwo ayendetsa kachokupizira kothandiza moto kuyaka bwino, nkhuni ndi utsi zomwe zimachepa.

Chotero pempho langa loyamba lipita kwa iwo amene amapereka ndalama za kafukufuku ndi amene amasindikiza zotsatira zake m'mayiko olemera. Opanga sola anaphunzira kalekale kuti nambala yatsopano isalandiridwe kufikira labotale ina yosakondera, monga ya NREL ku America kapena ya Fraunhofer ku Germany, itaiyezanso. Mwambo womwewo ukhazikike pa thermoelectric. Wolengeza chinthu chatsopano anene ubwino wake pa mwendo wonse, amange nacho chipangizo, achitenthetse ndi kuchiziziritsa kambirimbiri n'kuonetsa chimene chatsala, ndipo atchule mtengo wa watt imodzi pamodzi ndi kumene zopangira zake zidzachokere. Wophunzira amene wathera zaka zake pa kupeza chitsulo cholumikizira chosasweka alandire ulemu wofanana ndi wa iye amene wakweza ZT, pakuti popanda woyambayo ntchito ya wachiwiriyo imathera m'kabati.

Pempho lachiwiri ndi la kwathu kuno. Sitili ndi ng'anjo zopangira krustalo kapena makina oonera ma atomu, ndipo sikungakhale kwanzeru kuthira ndalama zathu zochepa m'mpikisano umenewo. Koma theka lina la ntchitoyi, lija la kutola kutentha, kuziziritsa, kuteteza batire ndi kuyesa chipangizo m'manja mwa anthu enieni kwa nyengo yathunthu, lifuna amisiri a zitsulo, oumba mbaula ndi ophunzira za uinjiniya, ndipo onsewa tili nawo. Mutu umodzi susenza denga; a ku Dresden ndi ku Seoul ali ndi zinthu zatsopano zofuna poyesera, ife tili ndi moto ndi anthu osowa magetsi. Ndipempha aphunzitsi a ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuzu University kuti apatse ophunzira awo a chaka chomaliza ntchito yoyeza kutentha kumene kumatayika pa balani ya fodya, pa uvuni wa buledi ndi pa mphika wa phala la sukulu, ndi kumanga zoziziritsira za zitsulo zopezeka m'misika yathu. Ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology lilipire ntchito zoterezi, ndi kuonetsetsa kuti zotsatira zake, zokoma ndi zowawa zomwe, zasindikizidwa poyera kuti alimi, amisiri ndi amalonda aziwerenge.